Ulendo wa Linnet pa Mtsinje wa Trent

Gainsborough, 12 Epulo 1969

Okondedwa Amayi ndi Abambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Hawkesbury. Kuno tili bwino, kungoti amuna anga a Desmond akudandaula msana, kufakitale akuwagwiritsa ntchito mpaka Loweruka.

Amayi, ndakwiya nanu pang'ono. Zoti Abambo anagwa m'Febuluwale ndazimva kwa amayi aang'ono a Hesba, m'kalata ya sabata yatha, pakati pa nkhani za nkhuku zawo. Miyezi iwiri yonseyi inu chete. Kodi ndinaleka kukhala mwana wanu tsiku lija ndinatsika m'boti? Akuti anagwera pafupi ndi mpope wa madzi ndipo anachita kuwanyamula. Adokotala anati chiyani? Akuyenda? Akudya?

Takambirana ndi a Desmond ndipo tagwirizana. Ndilemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti musadzanene kuti simunaone: BWERANI KUNO MUDZAKHALE NAFE. Malasha onyamula kulibenso, kampani inatseka, mwangokhala pangalandepo kudikira chisanu china. Chipinda chakumbuyo tachotsamo makina osokera, tapakamo laimu, bedi lilimo. Pawindo mtsinje ukuoneka, Abambo sadzasowa madzi oyang'ana.

Tsono mvetsani bwino apa. Boti mulisiye komweko, amayi aang'ono aziliyang'anira mpaka tidzaone chochita nalo. Inu mukwere sitima ya pamtunda ku Coventry, mundilembere tsiku, a Desmond adzakuchingamirani pasiteshoni. Musayerekeze kubwera pamadzi. Linnet ndi boti la ngalande, lalitali, lopapatiza ngati mpeni. Trent wa kuno ndi wina. Madzi a kunyanja amalowa ndi kutuluka kawiri patsiku, ndipo maboti amene amayendamo ndi zimphona zonyamula miyala.

Yankhani msanga.

Ndine mwana wanu,
Gwenda


Atherstone, 21 Epulo

Gwenda mwana wanga,

Moni. Kalata yako ndalandira. Wati tibwere, tikubwera. Tanyamuka Lachisanu.

Bambo ako poyamba anakana, akuti m'nyumba ya njerwa munthu amagona ngati wamuika kale m'bokosi. Ndinawasiya masiku awiri osatchula nkhaniyo, tsiku lachitatu ndinangomva akulimbana ndi injini. Linnet wakhala chikhalire kuyambira Novembala, ndiye inalira movuta, utsi ngati tikuwotcha matayala, koma inalira.

Tili kumunsi kwa zipata za madzi za Atherstone. Khumi ndi chimodzi zija, zimene iwe uli ndi zaka zisanu ndi zitatu unkathamanga nazo tisanamwe tiyi wachiwiri, zatidyera masiku awiri. Ntchito yake ndi yomwe ija, dzaza madzi, tsegula zitseko, lowetsa boti, tseka, khuthula madzi, boti litsike, tsegulanso. Koma zitseko zalemera, palibe wozipaka mafuta, madzi akungotayikira m'mbali. Ngalande yadzaza udzu ndi zinyalala za anthu a m'tauni. Dzulo waya wa matiresi unakulunga chitsulo chopalasa madzi, tinataya masana onse.

Boti la katundu sitinakumane nalo ngakhale limodzi. Tinakumana ndi anthu a tchuthi m'kaboti ka pulasitiki, anatijambula chithunzi osapempha. Bambo ako anawafunsa ngati akufuna kuonanso mano awo, monga amachitira pogula hatchi.

Bambo ako ali bwino, akudya. Usadandaule. Tidzera ku Fradley, Burton, Shardlow, kenako mumtsinje. Ukafuna kulemba lembera ku positi ofesi ya Shardlow. Ndi kayendedwe kathuka, sabata ziwiri kapena zitatu. Pepa zilembo zokhota, boti likugwedezeka.

Moni kwa apongozi.

Ndine mayi ako,
Dorcas Pountney


Hawkesbury, 26 Epulo

Gwenda,

Moni mwananga. Kalata yako yokalipa ndailandira, koma wakalipira wolakwika. Ine ndikanawaletsa bwanji? Ndinadzuka m'mawa kukapatsa nkhuku chakudya, ndinapeza pamene panali Linnet pali madzi okhaokha ndi mafuta akuyandama. Ngakhale kutsazika.

Za sitima sanandiuzepo kanthu. Kalata ija unawalembera ndinawapatsa ndi dzanja langali, anaiika m'thumba la epuloni nkulowa m'boti, chitseko phaa. Ndinati bwerani nayo ndikuwerengereni poti ine magalasi ndili nawo, anandiyankha kuti zilembo anaphunzira ine ndikadali kumbuyo kwa mayi. Mkulu wangayo ndi mwala, wakhala mwala chibadwire, koma chisanu chino waposa. Kutchalitchi analeka kupita. Tikakumana panjira amandidutsa ngati ndine mtengo wa magetsi mpaka ndiyambe ine kupereka moni. Ndakhala ndikuganiza kuti mwina tinayambana ine osadziwa.

Za bambo ako ndinakuuza kale zimene ndinaona. Akuyenda, akuyankhula, koma dzanja limodzi silituluka m'thumba la jekete. Ndikafunsa amati kukuzizira.

Usalire nazo. Anthu amenewo anabadwira pamadzi. Kungoti zaka nazo zapita, ndipo Trent wa kumunsi sanayendepo, ngakhale agogo ako ankamuopa.

Ukawapeza uwauze kuti mphika wanga wa jamu anapita nawo.

Mayi ako aang'ono,
Hesba


Gainsborough, 28 Epulo
Kwa Mayi D. Pountney, boti la Linnet, Positi Ofesi, Shardlow

Amayi,

Moni, ndipo moni kwa Abambo.

Kalata yanu ya ku Atherstone ndaiwerenga katatu kufunafuna pamene mwatchula za sitima. Palibe. Ndinalemba kuti boti mulisiye. Ndinalemba kuti musabwere pamadzi. Inu mwandiyankha za waya wa matiresi.

Ndikudziwa zimene mumaganiza za ine. Ndinatsika m'boti ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinakwatiwa ndi munthu wa pamtunda, ndiye mawu anga kwa inu ndi mphepo. Chabwino. Koma musandilange ndi moyo wa Abambo. Chaka chatha kuno anavuula bambo wina pafupi ndi mlatho, munthu woti anakulira pamtsinje womwewu.

Mukafika ku Shardlow muime. Mangani boti padoko lakale lija. Mnzawo wa a Desmond ali ndi galimoto ya katundu, abwera kudzakutengani pamodzi ndi mbale zanu zonse. Imbani lamya kusitolo ya a Fotherby, nambala ndalemba kuseriku, iwo andiitana.

Ndipo ndiyankheni zimene ndinafunsa. Adokotala anati chiyani?

Ndatopa, Amayi. Positi ikamadutsa ndimathamangira pakhomo ngati mtsikana wodikira chibwenzi.

Gwenda


Newark, 10 Meyi

Gwenda mwana wanga,

Moni. Kalata yako ndinaipeza ku Shardlow, zikomo. Ndasangalala kumva kuti muli bwino nonse.

Tili ku Newark, pansi pa linga logumuka lija. Tachedwa, ndikudziwa. Ku Stenson chipata chakuya chija chinandigonjetsa, chitseko chinakana, ndinachikankha ndi msana mpaka ndinakhala pansi m'matope. Tinakhala pomwepo masiku atatu msana ukuwawa. Chilowereni mumtsinje zinthu zapepukako, zipata za kuno zili ndi oziyang'anira, amatitsegulira. Koma madzi ake ndi otakata, sindikuwakonda. Pangalande ukatambasula dzanja umakhudza mtunda. Kuno boti limangokhala ngati kamtengo kotaya.

Pali chinthu chimene sindinakuuze. Bambo ako dzanja lamanzere linafa tsiku lija anagwa, silinadzukenso. Chingwe sangamange, chitsulo chopukusira zipata sangagwire, ngakhale mabatani a malaya ndimawamangira ine. Akaona anthu amachita ngati akumva kuzizira. Tsiku lina ndinawamva ali kuinjini akulitukwana dzanjalo ngati akutukwana galu wakuba. Ndiye zonse ndikuchita ndekha, zingwe, zitseko, chiwongolero. Iwo amaima pambali panga nkumandiuza kuti apa khotani, apo chepetsani. Ndimawasiya azinena, kuti munthu asadzione ngati thumba la malasha.

Usadzawauze kuti ndakuuza. Ukadzawaona usadzayang'ane dzanjalo.

Mapazi anga atupa, ndikuvala nsapato za bambo ako. Mawa kapena mkuja tipita ku Cromwell, kumene madzi a kunyanja amalekezera. Akuti kumeneko munthu sunyamuka pamene wafunira, umadikira madzi akulole. Tidikira. Tayenda moyo wonse, mamailosi otsalawa satipha.

Bambo ako akuti kumunsi kwa tauni yanuyo, ku Stockwith, kuli dziwe lomangirako maboti. Ndi kutali ndi nyumba yanu? Uwafunse apongozi.

Ndine mayi ako,
Dorcas Pountney


Chipata cha Cromwell, 12 Meyi

Mayi Gwenda, wolemba ndine Arnold Swaby, woyang'anira chipata chino. Bambo anu andipempha kuti ndilembe zimene anene, mmene anenere. Ndi izi.

Gwenda, ndine bambo ako. Moni. Sindinakulemberepo chibadwire chako, ukudziwa kuti kwa ine zilembo ndi nyerere basi.

Mayi ako akuchapa m'boti, ndiye ndifulumira. Makalata ako awiri ndawatenga m'kabati momwe amabisa. Ina inali yosatsegula nkomwe. Bambo awa andiwerengera onse. Lero ndi pamene ndamva za sitima. Ndamvanso kuti ukuganiza kuti tikukunyoza. Ayi mwana wanga.

Mayi ako saona. Zinayamba zaka ziwiri zapitazo, pang'onopang'ono. M'maso mwatuwa. Tiyi amathira pambali pa kapu. Mlatho amauona boti litalowa kale pansi pake. Kalata yako yoyamba anakhala nayo pakhomo padzuwa tsiku lonse, kuibweretsa pamphuno, kuitalikitsa, kuibweretsanso. Chimene anaonapo ndi mawu akuluakulu aja basi. Anandiuza kuti mwana wati tibwere. Ndinafunsa kuti watinso chiyani, anati zomwezo. Kulemba amalemba ndi mutu, dzanja limakumbukira lokha njira.

Amaganiza kuti sindidziwa. Ine ndimaima pambali nkumati kumanja, kumanzere, ngati nkhalamba yolongolola, iwo nkumandiyankha kuti ndaona kale. Kuchokera ku Hawkesbury tayenda choncho. Mayi ako anayamba kuwongolera boti ali kamwana, ataimirira pabokosi kuti aone kutsogolo. Ndiwauze ine kuti basi zatha? Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo.

Bambo awa akuti tisiye boti pano. Pano ndi pathengo, ndipo ndikanena kuti tiime mayi ako afunsa chifukwa. Kubwerera sitingathe, mphamvu zawathera. Mawa m'mawa madzi akayamba kubwerera kunyanja titsika nawo mpaka ku Torksey, ndi maola anayi okha. Kumeneko ndikanamizira injini, tikadikira. Kupitirira apo ndikuopa. Ubwere ku Torksey. Usadzawauze kuti ndakuuza.

Dzanja langa likuvutako pang'ono, koma si nkhani.

Enoch Pountney, chizindikiro chake X

Mayi, ndiwonjezerepo anga. Ndayesa kuwaletsa, akana. Ndimuimbira lamya mnzanga wa ku Torksey kuti aziyang'ana kumtsinje, ndiwauzanso a maboti a miyala. Bwerani msanga. A.S.


Gainsborough, 19 Meyi

Amayi aang'ono,

Moni. Afika, onse awiri ali moyo, boti lili ku Stockwith. Yambani mwapuma, zotsalazi ndi nkhani chabe. Pepani kuti ndinakukalipirani.

Lachitatu lapitali positi inandibweretsera makalata awiri nthawi imodzi. Ya Amayi ya ku Newark inachedwa chifukwa adiresi inakhota mpaka a positi anavutika nayo. Inayo inali ya Abambo, anachita kuwalembera woyang'anira chipata cha Cromwell. Amayi akuti Abambo dzanja linafa, usawauze kuti ndakuuza. Abambo akuti Amayi saona, usawauze kuti ndakuuza. Inde, saona, ndi chifukwa chake ankakudutsani panjira, simunayambane. Ndinakhala pampando wa kukhitchini makalata awiri ali pamiyendo, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Kenako ndinavula epuloni nkukakwera basi ya ku Torksey.

Ndinawapeza atamangirira kumunsi kwa chipata, boti lili matope mbali imodzi yonse. Nkhani yake ndaimva zidutswazidutswa, kwa iwo ndi kwa woyang'anira chipata. Lachiwiri ananyamuka ku Cromwell kukuoneka bwino, koma atayenda ola limodzi nkhungu inagwa pamtsinje, maso a Abambo nawo anatha ntchito. Pokhota pena anati kumanja mochedwa, boti linakwera mchenga. Madzi ndiye anali akuchoka. Anayesa kubwerera m'mbuyo, anayesa kukankha ndi mtengo, Amayi okha poti Abambo dzanja ndi limodzi. Madzi anangopitirira kuphwera, boti nkuyamba kupendekera kozama. Mbale zija za pakhoma zinayamba kugwa imodziimodzi. Akuti anangokhala kumbuyo kwa boti, mbali yokwera, akumvetsera zikusweka.

Anakhala choncho maola atatu. Nkhungu itayera kunatulukira boti la miyala, limodzi mwa aja anachenjezedwa ku Cromwell. Kuyandikira silikanatha, ndiye woyendetsa anaponya chingwe. Chinagwera m'madzi pafupi ndi Amayi, iwo ali chiimire manja ali m'mwamba, akuyang'ana kwina. Anaponyanso. Abambo anachikhudza ndi dzanja lawo limodzilo, chinapulumuka. Bambo uja anayamba kukalipa, akuti kodi m'botimo muli anthu kapena zitsa. Kachitatu chinagwera padenga. Pamenepo Abambo anati, "Make Gwenda, chili padenga kutsogolo kwanu. Tambasulani dzanja lamanja. Patsogolo pang'ono. Icho." Amayi anapapasa, anachigwira, anachimanga. Sanayankhe kuti ndaona kale. Boti la miyala linawakoka nkuwaperekeza mpaka ku Torksey.

Nditafika Amayi anandizindikira mawu. Anafunsa kuti ndadziwa bwanji kuti ali kumeneko. Abambo anayamba kuyang'ana mitambo. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi muja, koma nditaona mapazi aja m'nsapato zachimuna, ndi Abambo mmene aondera, pakamwa patakhotera mbali imodzi, ndinangotulutsa makalata awiri aja nkuwawerenga mokweza, onse awiri akumva. Mwina ndinalakwa.

"Ndiye munakaulula kwa munthu wachilendo," anatero Amayi.

"Inu munaulula kwa mwana."

Amayi anati mwana si wachilendo, nkudzuka kukaika ketulo pamoto.

Boti anakana kulisiya ku Torksey, ndipo ine mphamvu zotsutsana nawo ndinalibe. Lachisanu chiwongolero ndinagwira ndine, patatha zaka makumi awiri ndi chimodzi. Tinadutsa m'tauni mwathu muno pansi pa mlatho, a Desmond atazemba kuntchito, ataima pakhoma la mtsinje chipewa chili kumanja ngati kukudutsa maliro. Pa Stockwith chipata chili m'mbali, ndipo madzi amakukoka kuti upitirire. Abambo anandiuza kuti ndidutse kaye, nditembenuke, ndibwere moyang'anizana ndi madzi. Anadikira, anadikira, kenako anati tsopano. Ndinakankha chiwongolero ndi thupi lonse. Tinalowa, koma mphuno ya boti inamenya khoma.

"Wagunda," anatero Amayi ali mkati.

Ndinati inde Amayi, ndagunda.

M'nyumba akukana kulowa. Akugona m'boti padziwe la Stockwith, ine ndikupitako tsiku ndi tsiku pabasi ndi chakudya. Adokotala awaona Amayi, akuti ndi ng'ala, zimachotseka. Tikudikira tsiku. Ndatopa moti dzulo ndinasinza m'basi mpaka inandipitiriza.

Mphika wanu wa jamu ulipo, sunasweke.

Gwenda


Gainsborough, 28 Julayi

Amayi aang'ono,

Moni. Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani kuti nkhandwe yalowanso m'khola. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndikhale ndi chonena.

Opaleshoni anachita m'Juni, diso limodzi, linalo adzachita chaka chamawa. Amayi anagona masiku khumi m'chipatala osatembenuza mutu, kenako anabwera kwathu kuno poti adokotala analetsa kuwerama, ndipo m'boti munthu sayenda osawerama. Tsiku lililonse ankandikumbutsa kuti angobwera kudzachira. Abambo anatsala m'boti okha, akuti boti silisiyidwa lopanda munthu. A Desmond ankawapititsira chakudya panjinga akaweruka.

Magalasi awapatsa Lachiwiri lapitali, okhuthala ngati pansi pa botolo. Atangovala anawerenga chikwangwani cha pakhoma, anandiyang'ana ine nkunena kuti m'mutu mwanga mwayamba imvi. Kenako anati tipite kuboti.

Titatsika basi ku Stockwith anayenda okha patsogolo. Atafika padziwe anaima. Inu mukulidziwa boti lija mmene lakhalira. Penti inasupuka kalekale, maluwa aja a pachitseko anatsala mithunzi, dzimbiri lili paliponse, dzina lenilenilo latsala zilembo zitatu. Mkuwa wokha ndiwo unkawala, poti ankaupukuta tsiku ndi tsiku mopapasa. Zaka ziwiri akhala akuwafunsa Abambo ngati penti ikadali bwino, iwo nkumayankha kuti ngati yatsopano.

Abambo anatulukira pachitseko atavala malaya oyera, mabatani atasemphana. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Za dzanja ankadziwa, koma nkhope anali asanaione chigwereni Abambo. Abambo anayesa kumwetulira, theka lokha ndi limene linamvera.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Amayi.

"Mukanatani?"

Amayi anakwera m'boti, anawamasula mabatani onse nkuwamanganso bwino, limodzilimodzi, mpaka pakhosi. Kenako analowa mkati. Ndinawamva akutsegula makabati, akutseka. Anakhalamo mwina theka la ola. Ine ndi Abambo tinakhala panja pamtanda wa chitseko cha chipata.

Amayi atatuluka anati ndiwauze a Desmond abweretse galimoto ya mnzawo ija Loweruka. Abambo anayamba kunena kuti penti ndi ntchito ya masiku atatu okha, iwo agwira chitini Amayi azipaka, pansi pa boti pakadali polimba, injini ikadali ndi zaka khumi. Amayi anawasiya amalize.

"Bambo a Gwenda, ine ndatopa," anatero. "Nanunso mwatopa. Ndakuonani tsopano."

Loweruka tinasamutsa. Katundu wa zaka makumi anayi sanadzaze ngakhale theka la galimoto. Boti latengedwa ndi banja lina la ku Sheffield, anthu akhala akulizungulira chiyambire Juni, akuti alikonza aziyendera patchuthi. Amayi anasesa, anapukuta mbaula, anamusonyeza mkaziyo pamene denga limadontha. Abambo anamuphunzitsa mwamunayo kuliza injini, kanayi konse, munthu atamva kale kachiwiri.

Galimoto itanyamuka ndi katundu, ife atatu tinayenda wapansi kupita pokwerera basi. Abambo ankangocheuka. Amayi sanacheuke ngakhale kamodzi. Anali atawagwira Abambo mkono wakufa uja, akuwerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'njira, cha sitolo, cha tchalitchi, cha nyumba ya mowa, mpaka Abambo anati iwo akudziwa kumene ali, sanasokere. Amayi anati sakuwerengera iwo, akudziwerengera okha.

Ndine mwana wanu,
Gwenda